MLANDU WA CHAMBA: KUFUNA LOYA SI KUIKIRA KUMBUYO ZOIPA

Masiku ano sipatha sabata osamva pa wailesi kuti apolisi agwira munthu ndi chamba. Pena ndi pa rodibuloko, pena ndi m'basi yochokera ku Nkhotakota, penanso ndi mwana wa sukulu amene am'peza ndi ndudu ziwiri m'thumba la kabudula. Tikamva nkhani zotere, ambirife timangoti, "Akhaule, anazifuna yekha." Makolo ena, chifukwa cha manyazi, safuna n'komwe kukaponda kupolisi kumene mwana wawo akusungidwa. Enanso amagulitsa mbuzi nathamanga ndi ndalama kukanyengerera wapolisi kuseri kwa ofesi. Maganizo anga ndi akuti njira ziwiri zonsezi n'zolakwika. Munthu amene wamangidwa pa mlandu wopezeka ndi chamba ayenera kuumvetsa bwino mlandu wakewo, ndipo ayenera kupeza munthu wodziwa malamulo woti amuyankhulire. Abale ake akamuthandiza kutero sanachite tchimo.

Ndineneretu kuti ine chamba sindigwirizana nacho. Tonse tawaonapo anyamata amene anali anzeru m'kalasi koma lero akungoyendayenda pamsika, kuyankhula okha, chifukwa cha fodya wamkuluyu. Achipatala cha anthu odwala misala ku Zomba ndi a St John of God ku Mzuzu amawadziwa bwino anyamata oterewa. Choncho wina asandimve ngati ndikuchemerera osuta. Nkhani yanga ndi ya zimene zimachitika munthu akagwidwa, chifukwa apa ndi pamene ambirife, ngakhale ophunzira, tili mumdima.

LAMULO LIKUTI CHIYANI?

Lamulo limene apolisi akhala akugwiritsa ntchito kwa zaka zambiri pa milandu imeneyi ndi Dangerous Drugs Act. Limaletsa kulima, kugulitsa, kunyamula ndi kusunga chamba popanda chilolezo. Chilango chake chimatha kukhala chindapusa, kukagwira ukaidi, kapena zonse ziwiri. Woweruza amayang'ana kuchuluka kwa chambacho, msinkhu wa wolakwayo, ngati n'koyamba kupalamula, komanso ngati chinali chosuta yekha kapena cha malonda.

Mu 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lina lotchedwa Cannabis Regulation Act. Lamuloli linalola kulima chamba chopangira mankhwala ndi zinthu zina za m'mafakitale, koma kwa okhawo amene alandira chiphaso kuchokera ku bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Kuyambira pamenepo achinyamata ena akhala akunamizana kuti boma linavomereza chamba. Limeneli ndi bodza lotengera munthu kundende. Amene alibe chiphaso, akapezeka ndi chamba, mlandu ulipo ndithu monga kale.

Tsono mawu akuti "kupezeka nacho" ndi ofunika kuwamvetsa. Ambiri timaganiza kuti mlandu umakhalapo pokhapokha chinthucho chili m'manja kapena m'thumba mwathu. Malamulo a dziko lino satero. Ngati wasungitsa chamba kwa mnzako, kapena wachibisa m'munda mwa munthu wina, lamulo limaona kuti chili ndi iwe. Ndipo ngati anthu angapo akudziwa ndi kuvomereza kuti mmodzi mwa iwo asunge chinthucho, onsewo angathe kuimbidwa mlandu. Anzanga amene timagona m'chipinda chimodzi anthu ambirimbiri, mfundo iyi tiisunge. Mnzako akati, "Tandisungira kaphukusi aka m'sutikesi mwako," iwe ukudziwa chimene chili m'katimo, usaganize kuti udzapulumuka ponena kuti si kako.

Komabe mbali ina ya mfundo yomweyi imateteza munthu wosalakwa. Kuti munthu apezeke wolakwa, a boma ayenera kupereka umboni wokwanira pa zinthu zingapo. Choyamba, kuti chimene anagwiracho ndi chambadi. N'chifukwa chake apolisi amachitumiza kwa akatswiri a zomera ku Bvumbwe kapena ku Chitedze kuti akachiyeze. Chachiwiri, kuti chinali m'manja kapena mu ulamuliro wa woimbidwa mlanduyo. Chachitatu, kuti iyeyo ankadziwa. Taganizirani za mwana wa sukulu amene pokwera basi wapatsidwa katoni yomata ndi munthu womudziwa kuti akapereke kwa wachibale m'tauni. Pa rodibuloko apolisi atsekula katoniyo napeza chamba pansi pa usipa. Mwanayo ali pa mavuto aakulu, koma mlandu wake sunathe. Funso lakuti ankadziwa kapena ayi ndi loti liyankhidwe m'bwalo la milandu, ndi umboni. Vuto ndi lakuti mwana wotereyu, ali yekha ndi mantha, sadziwa kuti funso limeneli liliko.

UFULU WA MUNTHU WOMANGIDWA

Malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, amene tinalandira mu 1994, ali ndi gawo 42 lonena za anthu omangidwa. Ndikanakonda gawo limeneli likanamawerengedwa m'kalasi mpaka aliyense kuliloweza. Mwachidule likuti munthu akamangidwa auzidwe msanga chifukwa chake, m'chiyankhulo chimene iye amamva. Ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo sayenera kukakamizidwa kuvomera mlandu. Ali ndi ufulu woonana ndi loya amene iye wasankha, ndipo pamene chilungamo chifuna kutero, boma limupezere loya. Ayenera kukaonekera kubwalo la milandu pasanathe maola 48. Ngati maolawo athera pa tsiku limene makhoti sagwira ntchito, akaonekere pa tsiku loyamba limene khoti latsekula. Ali ndi ufulu wopempha belo, ndipo angakanizidwe pokhapokha pali chifukwa chomveka. Koposa zonse, munthu ndi wosalakwa kufikira bwalo litamupeza wolakwa.

Pa nkhani ya belo makolo athu amabedwa kwambiri. Belo ya kupolisi ndi yaulere, ndipo apolisi eni ake amalengeza zimenezi kawirikawiri. Munthu akakuuzani kuti mupereke "kangachepe" kuti mwana wanu atuluke, dziwani kuti chimenecho ndi chiphuphu. Lamulo la Corrupt Practices Act la 1995 limalanga wolandira ndi wopereka yemwe. Mukhoza kupita kupolisi kukapulumutsa mwana, inu n'kubwerako ndi mlandu wanuwanu. Belo ya kukhoti ndi ina: woweruza angalamule kuti mupereke ndalama kapena mubweretse anthu oikira umboni kuti woimbidwa mlanduyo sathawa, koma ndalama zimenezo zimalipidwa ku ofesi ya khoti ndipo mumalandira lisiti.

Ana ali ndi chitetezo chapadera. Mu 2017 malamulo aakulu anasinthidwa kuti mwana akhale aliyense amene sanakwanitse zaka 18. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 linakhazikitsa mabwalo a milandu ya ana. Mwana sayenera kutsekeredwa pamodzi ndi akuluakulu, makolo kapena omuyang'anira ayenera kudziwitsidwa, ndipo pa milandu ing'onoing'ono pali njira yothetsera nkhani popanda kuzenga mlandu wonse, monga kumupatsa uphungu. Ngati pafunika kumusunga, pali malo osinthira khalidwe monga a ku Mpemba ndi Chilwa. Koma zonsezi zimayamba ndi chinthu chimodzi: kutsimikiza msinkhu. Mnyamata wa zaka 16 wathupi lalikulu angathe kulembedwa kuti ali ndi zaka 19, ndipo ngati palibe wobweretsa chiphaso cha kubadwa, kalata ya ubatizo kapena kalata ya kusukulu, adzaweruzidwa ngati wamkulu. Apa kholo limene lakhala kunyumba chifukwa cha manyazi lamulakwira mwana wake kwambiri.

KUOPSA KOVOMERA MSANGA

Milandu yambiri ya chamba imazengedwa m'mabwalo a majisitireti. Woimira boma amakhala wapolisi amene anaphunzira ntchito yozenga milandu ndipo amaigwira tsiku ndi tsiku. Mbali inayi kumakhala mnyamata amene sanalowepo m'khoti chibadwire, wagona m'chitokosi masiku awiri, ndipo akaidi anzake amulangiza kuti, "Ungovomera, akupatsa chindapusa, upita kwanu." Akafunsidwa ngati akuuvomera mlandu, amangoti inde. Pakangotha mphindi zochepa nkhani yatha, chilango chaperekedwa, ndipo si nthawi zonse pamene chimakhala chindapusa.

Sindikunena kuti wolakwa aname. Bodza ndi bodza, kaya kunyumba kaya kukhoti. Munthu amene walakwadi akavomera, makhoti amaona kuti sanatayitse nthawi ndipo kawirikawiri amamupeputsira chilango. Chimene ndikukana ndi kuvomera chifukwa cha mantha, kapena kuvomera usanamvetse chimene ukuvomeracho. Kukhala chete mpaka utaonana ndi wodziwa malamulo si kunama. Ndipo ngakhale kwa amene akuvomera, loya ali ndi ntchito yaikulu. Woweruza asanapereke chilango amapatsa wolakwa mwayi wodandaula. Munthu wosadziwa amangoti, "Ndikupempha bwalo lindikhululukire." Loya amadziwa zoyenera kutchula: kuti ndi wachichepere, n'koyamba kupalamula, ali pa sukulu, chambacho chinali chochepa, ndiponso kuti pa milandu yofanana nayo Bwalo Lalikulu linapereka zilango zotani. Mawu ochepa amenewa angasiyanitse pakati pa kubwerera kusukulu ndi kukalowa ku Chichiri.

Chitsanzo chimene Amalawi ambiri akuchikumbukira ndi cha mu 2022. Bwalo la majisitireti ku Blantyre linagamula mnyamata wina wosakwana zaka 20 kuti akakhale kundende zaka 8 chifukwa chopezeka ndi chamba chochuluka. Pa nyengo yomweyo mkulu wa kampani ina yaikulu, amene anapezeka akulima chamba pakhomo pake, analipitsidwa chindapusa cha K1 miliyoni napita kwawo. Kunena zoona milandu iwiriyi sinali yofanana ndendende, pakuti kuchuluka kwa chambacho kunali kosiyana. Komabe anthu anadandaula kwambiri, ndipo loya wina anadzipereka kuitengera nkhani ya mnyamatayo ku Bwalo Lalikulu. Kumeneko chilango chinatsitsidwa kufika pa zaka 3. Taonani, zaka 5 za moyo wa munthu zinabwezedwa chifukwa panapezeka womuyankhulira. Nanga ndi angati amene ali m'ndende zathu lero, nkhani zawo sizinamveke pa wailesi, ndipo palibe amene anawauza kuti chigamulo cha majisitireti chingathe kuunikidwanso?

KODI LOYA TINGAM'PEZE KUTI?

Ndikudziwa kuti makolo ambiri amene akuwerenga nkhaniyi ndi alimi, ndipo akangomva dzina lakuti loya amaganiza za ndalama zimene sanazigwirepo. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, pakuti maloya ndi ochepa, ambiri ali m'mizinda, ndipo ntchito yawo ndi yodula. Koma safunsa anadya phula. Njira zilipo.

Yoyamba ndi Legal Aid Bureau, bungwe la boma limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 ndipo linayamba ntchito mu 2015. Ntchito yake ndi kuthandiza anthu amene sangathe kulipira loya. Lili ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu, komanso m'maboma ena. Amayamba afufuza ngati wopemphayo ndi wosowadi, ndipo ali ndi milandu yambiri kuposa maloya awo. N'chifukwa chake wachibale ayenera kupitako tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, osadikira kuti tsiku la mlandu lifike.

Yachiwiri ndi alangizi a zamalamulo amene Achingerezi amati maparaligo. Kuyambira mu 2000 alangizi a Paralegal Advisory Service akhala akuyendera ndende, mapolisi ndi makhoti. Iwowa si maloya ndipo saimira munthu pamaso pa woweruza, koma amafotokozera womangidwa tanthauzo la mlandu wake, amamuphunzitsa kupempha belo, amafunafuna abale ake, ndiponso amakumbutsa makhoti za anthu amene akhalitsa pa rimandi. Kwa munthu wakumudzi thandizo limeneli ndi lalikulu zedi.

Yachitatu ndi loya wolipidwa, kwa amene angathe, kapena pamene abale asonkherana, poti mutu umodzi susenza denga. Apa pafunika kuchenjera. Pafupi ndi makhoti pamakhala madobadoba ovala jekete amene amadzitcha maloya, kapena amati amadziwana ndi woweruza. Loya weniweni amakhala ndi chiphaso chogwirira ntchito chaka chimenecho, ndipo bungwe la Malawi Law Society limatulutsa mndandanda wa maloya ovomerezeka. Musachite manyazi kumufunsa ngati anagwirapo milandu ya mtundu umenewu, pakuti loya wozolowera nkhani za malo ndi makampani sangakhale ndi luso lofanana ndi amene amakhalira milandu ya upandu. Gwirizanani mtengo poyamba, zilembedwe, ndipo pa ndalama iliyonse landirani lisiti. Loya amene akulonjezani kuti mlandu muwina zivute zitani, kapena akupemphani ndalama zoti akapatse woweruza, muthaweni. Loya woona amakuuzani pamene mlandu wanu walimba ndi pamene wafooka.

Mukam'peza, muuzeni zoona zokhazokha. Iye ali ndi udindo wosunga chinsinsi cha amene akumuimira, ndipo sangakonze bwino chitetezo ngati mwamubisira zina. Abale alembe tsiku ndi nthawi imene munthuyo anamangidwa, malo ake, anthu amene analipo, ndi zinthu zimene apolisi anatenga. Womangidwayo asasainire chikalata chimene sanachiwerenge kapena kuwerengeredwa m'chiyankhulo chake. Ndipo ngati chigamulo chaperekedwa kale, kumbukirani kuti masiku ochitira apilo ndi owerengeka. Kuzengereza kumatseka khomo.

KWA AMENE SAKUGWIRIZANA NANE

Ena anena kuti maganizo angawa akulimbikitsa upandu. Ati loya ndi munthu wolipidwa kuti asandutse chakuda kukhala choyera, ndipo mwana wosuta chamba ndi bwino akalawe ndende kuti aphunzire. Mawu amenewa ndawamvapo kwa akuluakulu amene ndimawalemekeza, ndipo ndikumvetsa kuti amatero chifukwa chotopa ndi khalidwe la achinyamata ena. Koma ndiloleni ndiyankhe mwaulemu.

Poyamba, si onse omangidwa amene ndi olakwa. Apolisi ndi anthu, amatha kulakwitsa, ndipo pali anthu a kaduka amene angaponye kaphukusi m'nyumba mwa mnzawo n'kukatsina khutu apolisi. Ngati tikana kuti woimbidwa mlandu akhale ndi womuyankhulira, ndiye kuti tavomereza kuti wosalakwayo alangidwe pamodzi ndi wolakwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kachiwiri, ngakhale wolakwa ayenera kulandira chilango cholingana ndi kulakwa kwake, osapitirira. Wolemera akapalamula sapita kukhoti yekha. Amapita ndi maloya, ndipo palibe amene amamunena kuti akulimbikitsa upandu. Bwanji tsono tikuona chachilendo mwana wa mlimi akafuna zomwezo? Lamulo ndi limodzi, ndipo ngati likhala lofewa kwa wovala tayi ndi lolimba kwa wovala zigamba, anthu amasiya kulikhulupirira.

Kachitatu, tiyeni tione bwino sukulu imene tikufuna kutumizako ana athuwo. Mu 2009, pa mlandu wa Masangano, Bwalo Lalikulu linagamula kuti kuthithikana kwa akaidi m'ndende za dziko lino ndi nkhanza zosayenera munthu, ndipo linalamula boma kuti lichepetse vutoli. Mpaka lero madandaulo a kudzaza kwa ndende monga Maula, Chichiri ndi Zomba sanathe. Mnyamata wogwidwa ndi ndudu zochepa akakhala miyezi yambiri pakati pa mbava ndi zigawenga zozolowera, kodi adzatuluka ataphunzira chiyani? Potuluka sukulu yamuthera, dzina laipa, ndipo ntchito zambiri zimafuna kalata ya kupolisi yosonyeza kuti munthu sanapalamulepo. Amene wakodwa mu chizolowezi chosuta afunika chilango choyenera pamodzi ndi uphungu ndi chithandizo cha kuchipatala. Loya kapena mlangizi wabwino ndi amene angapemphe bwalo kuti liganizire njira zoterezi.

PEMPHO LANGA

Kwa inu makolo athu, ndikupempha kuti tsoka lotere likagwa pakhomo, mkwiyo ndi manyazi zidikire. Pitani kupolisi tsiku lomwelo, mutanyamula umboni wa msinkhu wa mwanayo, funsani mlandu umene akumuimba, ndipo funani thandizo la odziwa malamulo. Kudzudzula mudzadzudzula pambuyo pake, ndipo mudzakhala ndi mphamvu yodzudzula chifukwa simunamutaye. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Mwana akapita kundende, banja lonse limadwala naye.

Kwa inu abambo ansembe, anthu akakhala pa mavuto amayamba kugogoda pa khomo la parishi asanaganize za ofesi ina iliyonse. Ambiri mwa inu mumayenderanso akaidi. Zikanakhala bwino pa parishi iliyonse pakanakhala pepala losonyeza kumene kuli ofesi yapafupi ya Legal Aid Bureau ndi kumene kumapezeka alangizi a zamalamulo, kuti mayi wobwera akulira asabwerere ndi mawu achitonthozo okha, koma adziwenso khomo loti akagogode m'mawa mwake.

Kwa inu anzanga, tchuthi chikubwera ndipo tikakumana ndi anzathu akale amene ena mwa iwo anayamba njira zina. Tisanyamule katundu amene sitinaone m'kati mwake, tisasungire munthu chinthu chokayikitsa, ndipo chamba tisachiyandikire n'komwe. Njira yabwino koposa yopambanira mlandu ndi kusaupalamula. Koma tikamva kuti mnzathu wagwidwa, tisakhale oyamba kuseka. Tikauze makolo ake za maola 48, za belo yaulere, za ufulu wokhala chete ndi za ofesi ya maloya a boma. Ife tapatsidwa mwayi wophunzira umene anzathu ambiri kumudzi alibe, ndipo zimene tikudziwazi zingathe kupulumutsa zaka za moyo wa munthu.